"Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika": atsibweni amayamikira kapena amachenjeza?

Wa situdiyo ku Chinamwali

Akuluakulu odziwa miyambi, ndithandizeni. Ndili ndi kasitudiyo m'chipinda cha kuseri kwathu kuno ku Chinamwali: laputopu, pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, masipika awiri ndi mabulangete okhoma kuchipupa kuti mawu asamabwerere. Sabata yatha ndimamalizitsa mastering (kusalaza komaliza kwa mawu) ya nyimbo ya kwaya ina ya ku Songani. Eni ake anapempha chinthu chimodzi, chakuti izimveka mwamphamvu kuposa za anzawo. Ndiye ndinakankha limiter (chida chopanikizira mawu kuti afuule) mpaka mita ya Youlean kuwonetsa -7 LUFS (muyeso wa kufuula kwa nyimbo: nambala ikamayandikira 0, ndiye kuti ikufuula kwambiri).

Tsiku lomwelo kunabwera atsibweni anga kuchokera ku Jali, atagulitsa mpunga kumsika. Ndinawayikira nyimboyo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika." Kenako anapempha madzi akumwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine mwambiwu ndimaumva pamaliro pokha. Nanga pa nyimbo ukulowa bwanji?

Mphunzitsi wa Chichewa, Matawale

Mwanawe, tanthauzo lomwe timaphunzitsa ana ndi lakuti chabwino sichikhalitsa. N'chifukwa chake mumaumva pamaliro, makamaka akamwalira munthu yemwe amathandiza mudzi wonse akadali ndi mphamvu. Ena amati "ng'oma yomveka", koma mfundo ndi imodzi. Ine ndikuona ngati atsibweniwo anayamikira, kungoti kuyamikira kwa akulu kumakhala ndi kachisoni mkati.

Woimba ng'oma wakale, Thondwe

Aphunzitsi mwanena zoona, koma mwatula katundu panjira. Tafunsani kuti imang'ambika chifukwa chiyani. Ine ndakula ndi ng'oma m'manja. Musanayambe gule, ng'oma mumaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, apo ayi imalira ngati mukumenya mkeka wonyowa. Pakati mumamata phula kuti mawu akhale olemera. Tsono ng'oma ikadziwika kuti iyi ndiye imalira, aliyense amafuna yomweyo. Lero kuchinamwali, mawa kutchopa, mkuja aibwereka a mudzi wina. Ikangofooka pang'ono usiku chifukwa cha mame, akubwerera nayo pamoto. Woimbanso akamva kukoma amawonjezera dzanja. Chikopa chimauma, chimapyapyala, tsiku lina chimangoti phwa pakati pa gule. Ng'oma yosalira ija imakhala pakhoma zaka ndi zaka, palibe oikhudza.

Ndiye mwambiwu sudandaula za ng'oma yokha ayi. Umaloza chala oimenya.

Injiniya wa zomvekera, wokulira ku Sadzi

Agogo a ku Thondwe, mwafotokoza limiter musanaionepo. Achimwene a ku Chinamwali, -7 pa kwaya ndi moto wambiri. Mu kompyuta mphamvu ya mawu timaiyeza mu ma dB, ndipo denga lake ndi 0 dBFS, palibe chodutsa pamenepo. Limiter sikweza denga, imangophwanya mitu ya mafunde a mawu kuti zapansi zikwere. Nyimbo yovina yokhala ndi kick (ng'oma yaikulu ya mawu apansi) yolimba imapirira ndithu, koma kwaya moyo wake uli pa kutsika ndi kukwera. Vesi ikayamba chapansipansi kenako onse n'kulowa pakolasi, thupi limachita tsemwe chifukwa cha kusiyana kumeneko. Mukakufafaniza, vesi ndi kolasi zimafanana msinkhu, ndipo pomwe masopulano akwera pamamveka kuthetheka.

Chowawa china n'chakuti Spotify imatsitsa nyimbo zofuula kufika pa -14 LUFS, YouTube nayonso cha pomwepo. Yanuyo aichotsera ma dB 7, mphamvu mwavutikirayo ipita, kuphwanyika kokha n'kumene kutsale. Ikasanduka MP3 mitu ya mafunde imathanso kudumpha denga, n'chifukwa chake timasiya true peak (nsonga yeniyeni ya mafundewo) pa -1 dB.

Sindikunamizani kuti kufuula kulibe ntchito kwathu kuno. Nyimbo zambiri zimayenda pa flash, pa memory card ndi pa WhatsApp, ndipo wailesi ya mu minibasi ya ku Liwonde siyerekeza LUFS ya munthu. Yotsika kwambiri adalaivala amaidumpha. Ine ndikanatere: bwererani ku mix (pomwe munasakaniza mawu a oimba onse), musiye mpata wa ma dB 6 pansi pa denga, muchotse mkokomo wapansi pa maiki a oimba ndi EQ (chida chosefera mawu) yaulere ngati TDR Nova, poti mkokomo umenewo ndi womwe umadya malo a limiter koma pafoni sumveka. Limiter isamadye kupitirira ma dB 2 kapena 3. Kenako muyerekeze yakale ndi yatsopano mutazilinganiza voliyumu, chifukwa khutu limakondera chofuula nthawi zonse.

Mphunzitsi wa Chichewa, Matawale

Za ma dB ndasiyira eni ake, ndipo za kuwamba ndaphunzirapo, zikomo agogo. Koma tisaupinde mwambi kuti ukwane m'kompyuta. Umati yolira *bwino*, sumati yolira *kwambiri*. Atsibweni akanamva kuti nyimbo yawonongeka, sakanasankha mawu oti bwino. Komanso pamwambiwu ng'oma nthawi zambiri amakhala munthu. Mwati anakuyang'anani asanalankhule. Anayang'ana sipika kapena inuyo?

Wa situdiyo ku Chinamwali

Amayi, funso lanulo landikhalitsa chete. Anayang'ana ine.

Ndiyambe ndi za nyimbo. Ndachita zomwe anena achimwene a ku Sadzi. Nditalinganiza voliyumu, yakale ija yandidabwitsa: pa kolasi yachiwiri pali kuthetheka komwe sindinakumve ngakhale kamodzi sabata yonse, ndipo mpweya wa oimba unkamveka mofanana ndi mawu awo. Yatsopano yaima pa -11, mabesi akumveka ngati anthu aima kumbuyo kwenikweni.

Madzulo ano ndinawayimbira atsibweni, ndinalimba mtima n'kufunsa. Anati nyimbo anaikonda, ngakhale imawalasa m'makutu. Koma iwo amanena za maso anga ofiira, za masipika omwe amamveka mpaka kumsewu, ndi za anyamata atatu omwe anawapeza pakhonde akudikira kuti ndiwamalizire zawo. N'zoona, mwezi uno ndakhala ndikugona cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, makamaka magetsi akabwera usiku, ndipo ndikagona m'khutu lakumanzere mumalira kamluzu. Mwina n'chifukwa chake kuthetheka kuja kunandidutsa.

Injiniya wa zomvekera, wokulira ku Sadzi

Kamluzu kameneko musakanyozere, achimwene. Malire omwe amatsatidwa pantchito zaphokoso ndi 85 dB kwa maola 8, ndipo mukawonjezera ma dB 3 okha nthawiyo imatsika ndi theka. Gwirani ntchito pa voliyumu yoti mungathe kucheza ndi munthu osakweza mawu, muzipuma ola lililonse, mastering muzichita m'mawa makutu ali atsopano. Kakapitirira masiku angapo, pitani kuchipatala akakuyezeni.

Wa situdiyo ku Chinamwali

Ndamva. Anyamata aja ndawauza abwere Lolemba. A kwaya akubwera Loweruka, ndiwayikira zonse ziwiri pa voliyumu yofanana osawauza kuti yakale ndi iti. Agogo a ku Thondwe, phula lija mumalichotsa powamba ng'oma kapena limakhala pomwepo?