Zowonjezera pa Funso la Bacchus and Ariadne wa Titian

Funso lija linali loti: ngati Theseus, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, wangomusiya kumene wokondedwa wake Ariadne pachilumba cha Naxos, bwanji chithunzichi chikuoneka chachisangalalo? Tinayankha mwachidule kuti Titian, katswiri wojambula wa ku Italy, pojambula chithunzi cha Bacchus and Ariadne pakati pa 1520 ndi 1523, anasankha mphindi imene chisoni chikusanduka chikondi. Umboni wake nawu.

Yambirani kumanzere. Kachombo kali patali panyanjapo n'ka Theseus. Thupi la Ariadne likadali lolunjika komweko, koma nkhope yatembenukira kwa Bacchus, mulungu wa vinyo, yemwe akudumpha kuchoka pagaleta lokokedwa ndi akakwiyo awiri. Pamwamba pa mkaziyo pali nkhata ya nyenyezi 8, Corona Borealis. Imeneyo ndi mphatso imene Bacchus adzamupatse m'tsogolo, choncho zakale, zatsopano ndi zam'tsogolo zili pansalu imodzi.

Kumanja kuli phokoso lokhalokha: oledzera, kamwana ka miyendo ya mbuzi kakukoka mutu wa mwana wa ng'ombe, ndi mwamuna wokulungidwa ndi njoka. Ena angaganize kuti njokazo zikuimira tchimo, koma apa ayi, ndi za mwambo wa otsatira Bacchus, ndipo kaimidwe ka mwamunayo kakufanana ndi chosema cha Laocoön, wansembe wa m'nthano wophedwa ndi njoka, chomwe chinafukulidwa ku Rome mu 1506.

Chenjerani ndi makope a chithunzichi osindikizidwa kale. Vanishi wachikasu anali ataphimba buluu wodula uja, wochokera ku mwala wa lapis lazuli, mpaka National Gallery, nyumba yosungira zithunzi ya ku London, inamuchotsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mukadalira makope akalewo, thambolo lioneka lakuda kuposa mmene Titian analijambulira.