Msana ukutha ndi poto wa nsima, tichite bwanji?

Mayi wa lesitilanti ku Limbe: Anzanga ophika thandizeni. Poto wa malita 60, mafuwa apansi, kuvundula kawiri pa tsiku, kenako kuomola chowerama. Ikamakwana 2 koloko msana wakana kuwongoka, atsikana anga awiri chimodzimodzi. Panado sakugwiranso. Vuto ndi mthiko kapena chiyani? Zoti ndipume musandiuze, makasitomala sadikira.

Wophika pa sukulu yogonera: Mayi, vuto ndi mafuwawo. Poto akakhala pansi mumavundula ndi chiuno, thupi lonse litapendekera kutsogolo, ndipo nsima ikalimba mphamvu yonse imathera m'munsi mwa msana. Kwezani moto mpaka mlomo wa poto ufike cha m'chiuno mwanu. Ukapitirira pamenepo ayamba kulira ndi mapewa. Koma chonde osangosanjikiza njerwa. Zimangidwe ndi dothi kapena simenti, poto akhazikike bwino, chifukwa phala lowira likagubuduzika limathera pa miyendo.

Bambo wa kanyenya: Gulani lamba wa msana basi. Onyamula matumba pamsika amamanga ameneyo.

Wophika pa sukulu yogonera: Lamba sakweza poto, achimwene. Munthu akamanga amadziona wamphamvu n'kunyamula zopitirira.

Wophika m'maukwati: Ine ndikuona kuti msana umayamba kuwonongeka nsima isanafike n'komwe. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Thumba la ufa ndi 50. Mtsikana akalikoka yekha kuchokera m'sitolo, kenako ndowa zisanu ndi imodzi, pofika pa mthiko msana watopa kale. Thumba azinyamula awiri, kapena muzitapa ufa m'beseni. Ndowa ikhale pa benchi, osati pansi. Ponyamula apinde mawondo, katundu agunde pamimba, ndipo potembenuka asunthe mapazi. Kupotokola chiuno katundu ali m'manja n'kumene kumagwetsa anthu ambiri. Poto wodzaza asasunthidwe, muziomolera pomwepo, mbale zili pa thebulo pafupi.

Mayi wa lesitilanti ku Limbe: Nanga mthiko?

Wophika m'maukwati: Wautali, woti muugwire ndi manja awiri muli chiimire. Phazi limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, muzikankha ndi miyendo. Ufa muzithira pang'onopang'ono, mukaukhuthulira pamodzi nsima imalimba msanga, n'kuyamba kulimbana nayo. Ndipo muzilandirana, wina asamalize poto yense yekha.

Bambo wa kanyenya: Zonsezo ndi ndalama ndi nthawi. Lamba mumanga lero lomwe.

Wophika kuhotela: Musaiwale thebulo lodulira ndiwo. Likhale masentimita 10 kapena 15 pansi pa chigongono. Likafupika ikani matabwa kunsi kwa miyendo yake. Poimirira nthawi yaitali pondetsani phazi limodzi pa njerwa, muzisinthasintha. Mapatapata pa simenti yonyowa ayi, munthu akaterereka n'kudzigwira mwadzidzidzi msana umachita kuti thyo. Za mankhwala samalani. Panado wa 500 mg munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku. Brufen osamwa m'mimba muli zii, ndipo wa zilonda za m'mimba, wa impso kapena woyembekezera asamukhudze asanafunse kuchipatala. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda madzulo kumafewetsa minofu.

Wophika pa sukulu yogonera: Ndiwonjezere apa. Ululu ukamatsikira m'mwendo, phazi likuchita dzanzi, mwendo ukufooka, kapena mkodzo ukuvuta kuugwira, imeneyo si nkhani ya mafuwa, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi msana wopweteka usiku, thupi likutentha, munthu akuwonda. TB imagwiranso mafupa a msana.

Bambo wa kanyenya: Sindikukana, koma lambayo ayese kaye.

Wophika m'maukwati: Amene mwamangitsa mafuwa okwera, nkhuni zikutha bwanji? Moto ukatalikirana ndi poto mtolo suchedwa.