Zomwe ndapeza pa funso la tulo ndi opaleshoni ya DBS

Mwezi watha ndinafunsa ngati opaleshoni ya DBS, imene madokotala amaika timawaya mkati mwa ubongo kuti tizitumiza mphamvu yochepa ya magetsi, ingathandizenso bambo anga pa vuto la tulo limene labwera ndi matenda a Parkinson, matenda a ubongo amene amanjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi. Dokotala wa ubongo wandifotokozera, ndipo yankho lake lili pawiri.

Timawayato tikaikidwa pa kachigawo ka ubongo kotchedwa subthalamic nucleus, njira imene gulu la dokotala Alim-Louis Benabid linayamba mumzinda wa Grenoble ku France mu 1993, odwala ambiri amagona nthawi yaitali ndipo sadzukadzuka usiku, makamaka chifukwa thupi siliuma kwambiri, moti amatha kutembenuka okha pabedi. Kupindika kowawa kwa phazi m'bandakucha kumachepanso.

Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti kufuula ndi kuponya manja polota nthawi zambiri sikutha ndi opaleshoniyi, pamene ndilo vuto lalikulu la bambo, ndipo limawasowetsa tulo mayi anga. Odwala ena miyendo imayamba kuwasowetsa mtendere usiku mankhwala a Parkinson monga levodopa akachepetsedwa kwambiri pambuyo pa opaleshoni. Choncho tagwirizana kuti bambo ayambe ayezedwa kagonedwe kawo kuchipatala tisanasankhe zochita.