Kodi mwana "wofatsa ngati chithunzi" amamuyamikira chifukwa chiyani?

Wofunsa:

Akuluakulu amene mumachidziwa bwino Chifalansa, ndabwera kuti mundimasulire mwambi umene wandiimitsa mutu kwa masabata awiri tsopano. Mayi wina wochokera ku Lubumbashi m'dziko la DR Congo, amene tinayandikana nyumba, ankaluka tsitsi la mwana wake wa zaka zinayi pakhonde. Mwanayo anakhala pamkeka atawongola miyendo, chitumbuwa chili m'manja koma osachiluma, ndipo ngakhale chipeso chinkamukoka tsitsi, iye sanatembenuke n'komwe. Atamaliza, mayiyo anamusisita patsaya n'kunena kuti, "sage comme une image." Nditawafunsa tanthauzo lake, anangoti ndi mawu akale amene masisitere ankawauza iwo ali kusukulu, ndipo amanenedwa kwa mwana wosavuta.

Pamene pandisokoneza ndi pa liwu lakuti sage. Ine ndinaphunzira kuti limatanthauza munthu wanzeru, n'chifukwa chake mzamba amamutchula kuti sage-femme, kutanthauza mayi wodziwa zinthu. Nanga chithunzi, chimene m'mwambiwu akuchitchula kuti image, chili ndi nzeru yanji, popeza sichiganiza, sichisankha, ndiponso sichingachite mwano ngakhale chitafuna? Kodi mwambiwu ukuyamikira nzeru za mwana, kapena ukungoyamikira kuti wakhala duu? Ndiponso chithunzi chake n'chotani, poti ndikukayika kuti eni mwambiwu ankanena za chojambulidwa ndi kamera?

Woyankha:

Bambo, funso lanu ndi labwino, ndipo ine amene ndaphunzitsapo chinenerochi ndiyankha mmene ndikuonera. Liwu lakuti sage linachokera ku liwu la Chilatini lakuti sapere, limene linkatanthauza kulawa komanso kuzindikira. Likanenedwa kwa munthu wamkulu limasonyeza nzeru, koma likanenedwa kwa mwana limatanthauza kufatsa ndi kumvera, moti mayi akamachoka pakhomo amauza mwana kuti "sois sage", mmene ife tinganenere kuti usavute. Liwu lathu limene likuyandikira mbali zonse ziwirizi ndi kudekha, chifukwa tikamati kuona maso a nkhono n'kudekha, timanena za munthu amene wakhazikika thupi ndi maganizo omwe.

Koma thima la nkhani lili pa liwu lakuti image. M'Chifalansa chakale liwuli silinkangonena za zojambula papepala ayi, linkanenanso za ziboliboli, ndipo amisiri amene ankasema ziboliboli za oyera mtima pamakomo a matchalitchi akuluakulu ankatchedwa imagiers. Pambuyo pake kunabwera timapepala ta zithunzi za oyera mtima timene anthu ankasunga m'mabuku a mapemphero: nkhope yowala, manja opindidwa pachifuwa, maso akumwamba, pakamwa potseka. Kwa ine, mwana wa mumwambiwu akufaniziridwa ndi chithunzi chotere, chimene sichigwedera komanso chimaonetsa khalidwe loti ena atengerepo. M'masukulu akale a ku France munalinso mwambo wakuti mwana akachita bwino ankalandira kakhadi kotchedwa bon point, ndipo akasonkhanitsa 10 ankasinthitsa ndi chithunzi chimodzi. Choncho mwana wofatsa ngati chithunzi ankalipidwanso chithunzi.

Ndiloleni ndichedwepo pang'ono pa mzinda wa Épinal, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Moselle kum'mawa kwa France, chifukwa kumeneko n'kumene ubale wa mawu ndi zithunzi umaonekera bwino. Mu 1796 Jean-Charles Pellerin anayambitsa nyumba yosindikiza zithunzi mumzindawu. Amisiri ankagoba chithunzi pathabwa, n'kuchidinda papepala, kenako n'kupaka mitundu yowala kudzera m'zikombole zoboola, ndipo ogulitsa oyenda pansi ankapita nazo m'midzi. Zinali za oyera mtima, za nkhondo za Napoleon, ndi za nthano za ana zogawidwa m'timabokosi, koma chimene ndikufuna muone n'chakuti mawu ankalembedwa m'munsi kapena m'mbali mwa chithunzi. Munthu wa m'chithunzicho sankalankhula yekha. Wina ndiye ankamulankhulira, kufotokoza kuti uyu ndi mwana waulesi, uyo ndi mwana womvera, ndipo mapeto awo anali akutiakuti. Ndiye mukamva kuti mwana ndi wofatsa ngati chithunzi, dziwani kuti akuyamikiridwa chifukwa wasiyira akuluakulu mawu onse.

Eni chinenerochi nawonso anayamba kuzikayikira zithunzi zofatsa chonchi. Lero munthu akanena kuti nkhani inayake ndi image d'Épinal, amatanthauza kuti ndi chithunzithunzi chokometsera, chosavuta kumva koma chobisa zenizeni. Ndipo mu 1929 René Magritte wa ku Belgium anajambula kaliwo wosutira fodya mwaluso kwambiri, n'kulemba pansi pake m'zilembo zonga za mphunzitsi wa kupulaimale kuti "Ceci n'est pas une pipe", kutanthauza kuti uyu si kaliwo. Sananame, poti kaliwo wapansalu sungathiremo fodya, koma anaonetsanso kuti mawu olembedwa pansi pa chithunzi akhoza kukangana nacho. Pa chifukwa chimenechi, ine mwambiwu ndimaunena mosamala, chifukwa mwana amene sakutulutsa mawu akhoza kukhala wodekha, akhozanso kukhala wamantha kapena wodwala, ndipo kunja onsewa amaoneka chimodzimodzi.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, mwandimasula. Mfundo ya mawu olembedwa m'munsi yandigwira mtima, chifukwa ndakumbukira kuti tsiku lija mayi aja ndi amene anatiuza tanthauzo la kukhala chete kwa mwanayo, pamene mwiniwake, atangomasulidwa, anathamangira kwa anzake n'kuwauza kuti chipeso chinkamupweteka kwambiri. Dzulo ndinapitanso kukawafunsa mayiwo kuti akamanena image amaona chiyani m'maganizo mwawo, ndipo anatulutsa m'buku lawo la mapemphero kachithunzi ka Maria kothetheka m'makona. Tsopano ndikupempha amene munakhalako ku Dakar, ku Abidjan kapena ku Brussels mutiuze ngati kumeneko mwambiwu umanenedwabe kwa ana, ndiponso ngati ungathe kunenedwa kwa munthu wamkulu popanda iye kukhumudwa.