Desktop yakale iyi, ndi ya fani kapena ya madzi?

Wophunzira ntchito: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndalandira desktop yakale, mwini wake akuti ikumazima yokha ikangogwira ntchito mphindi ngati 20, ndipo akuti amene anamugulitsa anati ndi ya liquid cooling, kutanthauza kuti purosesa yake imaziziritsidwa ndi madzi osati fani yokha. Ndatsegula kesi, pa purosesa pali chipulasitiki chakuda chavindikira zonse koma m'mbali ndikuona timapaipi tinayi ta mkuwa. Ndiye ndikuopa kumasula, madzi angatayikire pa motherboard ine n'kupalamula mlandu wa makina a eni ake. Ndithandizeni chonde.

Mnzake: Ngati pali mapaipi ndi ya madzi imeneyo aise, usaigoneke chammbali.

Mkulu wa gulu: Ayi dikirani kaye, si paipi iliyonse ya madzi. Mng'ono wanga, izimitse, zula chingwe cha magetsi, kenako gwira timapaipi timeneto. Tolimba ngati chitsulo kapena tikupindika ngati labala? Ndipo titsate ndi chala uone tikuthera kuti.

Wophunzira ntchito: Tolimba gwa bwana. Tikuchoka pansi pa purosesa n'kukwera kulowa m'timalata topyapyala tambirimbiri tosanjikizana, kunsonga kwake n'kotsinidwa, sitikupitanso kwina.

Mkulu wa gulu: Basi, amenewo ndi ma heat pipe, makinawo ndi a mphepo. Mkati mwake muli timadzi tochepa kwambiri totsekeredwa kufakitale, timasanduka nthunzi pa purosesa pakatentha n'kukazizira ku timalata tija kenako n'kubwereranso, koma mulibe pampu ndipo amene akuchotsa kutenthako ndi fani. Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa, mwinanso wogulitsayo anangoona mkuwa n'kuyamba kutamanda katundu. Ya madzi yeniyeni siibisika: pa purosesa pamakhala kachibokosi kathyathyathya komwe muli pampu, n'kutuluka mapaipi awiri akuda ofewa, aatali, opita ku radiyeta yomangidwa kumbuyo kapena pamwamba pa kesi, ya 120mm kapena 240mm, mafani atamatidwa pomwepo. Awiri basi, lina lopita lina lobwera. Tinayi tako'to takuulula kale.

Mayi wa ma workstation (makompyuta amphamvu a ntchito zolemera): Zoona zimenezo, koma nanenso ndiikepo mawu kuti mwanayu asamaganize kuti makina akale onse ndi a mphepo. Power Mac G5 ya 2004, ija ya dual 2.5GHz, inabwera ndi madzi kuchokera kufakitale ndipo zonse zinali zobisika kuseri kwa chivindikiro cholembedwa G5. Ine inandipezapo imodzi itadontha, pansi pa mapurosesa panali zoyera zoumirira ngati mchere ndipo power supply yomwe ili mmunsimo inali itadyeka, mtima unandipweteka chifukwa anali makina abwino kwambiri. Ma Alienware Aurora ena ndi ma HP Z800 ena analinso ndi madzi. Ndiye ukaona chivindikiro, werenga kaye model pa sitika ufufuze, usanagwire sikurudiraiva.

Mnzake: Pepani ndinafulumira. Nanga popanda kutsegula kesi munthu angadziwe?

Mayi wa ma workstation: Nthawi zina. Unika ndi tochi kuseri kwa fani yakumbuyo, ukaona timalata tothithikana ngati radiyeta ya galimoto ndi imeneyo. Mu BIOS, sikirini ya masetingi ya motherboard ija, yang'ananso ma RPM, kuchuluka kwa kuzungulira pa mphindi, pampu imazungulira mothamanga, kawirikawiri kupitirira 2000, ndipo nambala yake sisinthasintha ngati ya fani. Koma usadalire dzina la header, polumikizira chingwe pa motherboard paja, ma board akale analibe header ya pampu yolembedwa AIO_PUMP, ngati choziziritsira cha madzi cha Corsair H50 cha 2009 anthu ankangochilumikiza pa header ya fani. Khutu limathandizanso, yakale madzi akachepa imalira kuti kulukulu ukangoiyatsa.

Wophunzira ntchito: Ndachotsa chipulasitiki chija. Amayi inu, fumbi lake! Pakati pa fani ndi timalata panali chibulangete chenicheni, ndachisenda ndi zala chonse chathunthu, mphepo sinkadutsa n'komwe. Thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira lija, nayo yauma ikungofumbutuka ngati choko.

Mkulu wa gulu: Ndi zimenezo. Pukuta ndi sipiriti wa isopropyl mbali zonse ziwiri, pa purosesa ndi pa choziziritsira, ika paste yatsopano kadontho kamodzi pakati, masikuru umange mopingasa pang'onopang'ono. Popemerera fumbi gwira faniyo isazungulire. Ndipo chipulasitikicho ubwezeretse, n'chimene chimalondolera mphepo.

Wophunzira ntchito: Ndabwezeretsa bwana. Poyamba BIOS imaonetsa 88°C ili chikhalire, pano ili pa 41. Ndaisiya ikuyenda ndi stress test, pulogalamu yoipanikiza ntchito, yadutsa ola tsopano sinazime.