Mphaka ndi wa ku Mozambique koma wakaswera ku Malawi, ana ndi a ndani?

Membala wobisa dzina:
Abale a pa gulu lino ndigawireniko nzeru, kuseka muziseka pambuyo. Ine ndimakhala ku Angónia, moyang'anana ndi Lizulu. Amene munayendapo pa msewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti kuno malire amatsata msewu womwewo: kuima mbali ino uli ku Mozambique, kungodumpha phula uli ku Malawi. Nkhuku zathu zimakadya kunja kwa dziko m'mawa n'kubwerako madzulo, palibe wozifunsa chiphaso.

Ndili ndi mphaka wamkazi, wakuda, pakhosi poyera, dzina lake Mimi. Ndinakamutenga ali kamwana kwa azakhali ku Ulónguè, ndinabwera naye pa chapa (minibasi) ali m'katoni. Chomwe ndinamutengera ndi makoswe, ankandithera chimanga m'nkhokwe mpaka kulowerera mbewu ya kachewere. Ntchito anaigwira, sindinganame. Koma chaka chino anayamba kusowa tsiku lonse, kubwera usiku mimba ili tantha, nsima yanga yofinyira kapenta kungoinunkhiza n'kutembenuka. Ana ndiwo anadzandiululira kuti ali ndi khomo lina kutsidya kwa msewu, kwa mayi ena ogulitsa usipa ndi matemba. Kumeneko ati ndi Nachisale, ndipo akamuitana choncho amathamanga!

Tsono sabata yatha wakaswera komweko ana 4, m'dengu lakale kuseri kwa chitseko. Ndinapita ndi katoni kuti ndikanyamule banja lonse. Mayi aja anandilandira bwino, mphasa kuyala, tiyi kubwera, koma titafika pa nkhani anati: "Amayi, usipa wanga wadya chiyambire Isitala, ana abadwira m'nyumba mwanga, amenewa ndi Amalawi." Abambo akunyumba akuti ndizisiye, munthu wamkulu sakangana za pusi. Kudana nawo mayiwa sindikufuna, ndi omwe amandisinthira meticais ndikafuna makwacha a kuchigayo. Koma makoswe abwerera. Ndichite bwanji?

Mchewa wa ku Macanga:
Mlandu wake ndi wosavuta uwu. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Make ndi wa ku Angónia, ana ndi a ku Angónia. Mphaka wamphongo uja, kaya ndi wa kuti, anali mkamwini chabe.

Mngoni wa ku Dómuè:
Achimwene a ku Macanga, kumeneko ndi ku Ungoni. Usipa wa chiyambire Isitala mukuuyesa chiyani? Malowolo anatha kale amenewo, ana ndi a kutsidya.

Mchewa wa ku Macanga:
Malowolo amadya mkwatibwi mwini wake? Akadapereka kwa amayiwa bwenzi tikumva.

Gogo wa ku Tsangano:
Mwana wanga, asiye anyamatawa. Kale ukaikiza mbuzi kwa mnzako, ikaswa sunkatenga ana onse, wosunga uja ankatsala ndi wake chifukwa cha thukuta lake. Apa sunaikize ndiwe, mphaka anadziikiza yekha, koma mwambo ndi womwewo. Pita ndi kambale ka kachewere, usapite ndi katoni. Ukanene kuti make ndi wako, ana mugawane. Ndipo uwasiye iwo ayambe kusankha.

Wa ziweto:
Amayi, musanakambe zogawana, anawo musawasunthe panopa. A sabata imodzi ndiye kuti maso angoyamba kumene kutseguka, sangathe kudzifunditsa okha, ndipo mphepo ya ku Angónia mukuidziwa. Ayamwe kwa make mpaka masabata 8, akayamba kudya bwino paokha. Mkaka wa ng'ombe musawapatse, umawatsegula m'mimba. Make akufunika chakudya chambiri nthawi ino, ndiye usipa wa mayi ajawo ukukuthandizani inuyo. Chinanso, mphaka amakhala ndi bere masabata 9 okha ndipo amatha kutenga lina asanaletse n'komwe kuyamwitsa, choncho mlandu uwu ubweranso chaka chisanathe. Kafunseni a zoweta ku SDAE, ofesi ya boma yoona zaulimi ku Ulónguè, za katemera wa chiwewe, ndi ngati angamutseke kubereka. Chiwewe si cha agalu okha, ndipo mphaka woyendayenda chotere amakumana ndi zambiri usiku.

Membala wobisa dzina:
Zikomo bambo a ziweto. Za chiwewe ndimayesa ndi za agalu basi. Koma katemerayo akabayitse dziko liti?

Wa ziweto:
Komwe kuli pafupi. Jekeseni ndi yemweyo.

Mana wa ku Matundo:
Ngati akukuvutani kugawa nditumizireni mmodzi kuno ku Tete pa chapa, ndalama ya mayendedwe ndiponya pa M-Pesa. Makoswe a kuno akundidyera malambe ndi masawu a geni.

Mngoni wa ku Dómuè:
Mana, mphaka wobadwira ku mphepo mukamuike ku Matundo mu Okutobala, dzuwa likupitirira madigiri 40? Adzawoloka yekha mlatho wa Samora Machel kufunafuna mthunzi. Kumeneko n'kwa mbuzi.

Mana wa ku Matundo:
Mbuzi zathu zomwezo mukafika kuno mumanyambita zala, musatinyoze.

Mphunzitsi wopuma:
Ine nkhaniyi yandikumbutsa kuti malire amenewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, potsata mtunda wogawa madzi opita ku nyanja ya Malawi ndi otsikira ku Zambezi. Anadula pakati pa anthu amodzi. Likulu la Inkosi Gomani lili ku Lizulu komweko, pomwe makolo awo anakhalapo ku Dómuè. Mukafufuza bwino mupeza kuti inu ndi mayi a usipawo muli pachibale.

Wodutsa chabe:
Mphaka wakuda wa mayina awiri, wogona maiko awiri, inu simukuonapo kanthu?

Gogo wa ku Tsangano:
Chimene tikuonapo ndi usipa. Usatiyambitsire zina pano.

Membala wobisa dzina:
Abale ndabweranso. Ndinakonza kachewere uja monga ananenera agogo kuti ndipite mawa lake. M'bandakucha ndikumva kulira m'chipinda, kuyatsa tochi, Mimi ali m'katoni ya zovala za abambo akunyumba, pa jekete lawo la kutchalitchi, ndi ana atatu. Wawoloka nawo msewu usiku, mmodzimmodzi pakamwa, malole akudutsa. Wachinayi, wa mawanga, watsala ku Malawi. Panopa mayi aja ali pakhonde panga, abwera naye m'chitenje kuti ayamwe, ndipo m'dzanja linalo anyamula katoni. Tiyi ndawaikira. Abambo akufunsa za jekete lawo. Agogo, tsopano woyamba kusankha ndi ndani?

Wa ziweto:
Wachinayiyo muikeni pa make msanga, zosankha mukambe masabata 7 akubwerawa akatha. Jeketelo abambo aiwaleko kaye.