Funso: Kodi QR code ingatsegule fayilo ya pa kompyuta yanga?

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna kumata tima QR code pa mabokosi a mapepala, kuti ndikasikana kamodzi, PDF kapena folda ya bokosilo itseguke pa kompyuta ya Windows. Ndalemba C:\Makontrakiti\2023.pdf mu QR, koma foni ikungondionetsa mawuwo basi. Ndikulakwitsa pati? Nanga pulogalamu monga Excel ingatsegukenso chonchi?

Yankho 1: QR code payokha sitsegula kanthu, ndi mawu chabe olembedwa m'timabokosi takuda. Amene amachita ntchito ndi chipangizo chowerengacho. Foni ikaona C:\ imasowa kolowera, poti diski imeneyo ili pa kompyuta. Kulemba file:/// kutsogolo sikuthandizanso.

Pezani sikana ya USB ya mtundu wa 2D. Zija za laser zotulutsa kamzere kofiira zimangowerenga barcode ya mizere, QR siziiona. Kompyuta imaitenga sikana ngati kiyibodi: imalemba zomwe yawerenga pomwe pali cursor, kenako n'kudina Enter. Yesani kaye mu Notepad. Zikatuluka bwino, dinani Win+R ndi kusikana, fayilo itseguka.

Yankho 2: Njira ya Win+R imagwiradi, koma ine sindingalangize kuika njira yonse ya fayilo mu QR. Tsiku lomwe mudzasinthe dzina la folda, zomata zonse zafa. Chinanso, sikana zambiri zimabwera zitachunidwa pa kiyibodi ya US. Ngati Windows yanu ili pa ya UK, chizindikiro cha \ chimatuluka ngati #, ndiye muvutika kufufuza chavuta.

Ikani kanambala kakafupi, monga F012. Pangani folda C:\QR, ndipo m'menemo muike shortcut ya fayilo iliyonse, dzina lake likhale nambalayo: F012.lnk. Shortcut ikhoza kuloza PDF, folda, kapena Excel imene mukufunsayo. Fayilo ikasuntha mumangokonza shortcut, pepala lomata osalikhudza.

Kenako m'buku la sikana muli ma barcode ochunira prefix, kutanthauza batani lomwe sikana imadina isanalembe zomwe yawerenga. Sankhani batani losagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, tinene F9. Mu AutoHotkey, pulogalamu ya Windows yopatsa mabatani ntchito zapadera, lembani kasikiripti koti kakamva F9 kadikire mawu mpaka Enter, ndiyeno katsegule C:\QR\ + nambala + .lnk. Zilembo zikamadumphika, onjezerani delay ya pakati pa zilembo, imachunidwanso m'buku lomwelo.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Nanga popanda kugula sikana?

Yankho 3: Kamera ya laputopu imakwanira. Pa Linux ikani zbar-tools, lamulo la zbarcam --raw limatulutsa mawu a QR, inu n'kuwapereka kwa xdg-open, lamulo lotsegulira mafayilo. Mukakakamira foni, pa kompyuta yendetsani python -m http.server 8000 mkati mwa folda, QR ikhale ndi adiresi monga http://192.168.1.20:8000/2023.pdf. Koma dziwani kuti fayilo itsegukira pa foni, osati pa kompyuta, ndipo aliyense wa pa Wi-Fi yomweyo angathe kuona folda yonseyo. Rauta ikapatsa kompyuta IP ina (adiresi ngati 192.168.1.20 ija), ma QR onse asiya kugwira, choncho muikhazikitse IP kaye.

Yankho 2: Ndiwonjezere cha chitetezo, chifukwa ambiri amachinyalanyaza. Sikana ndi kiyibodi, ndiye wina akamata QR yake pamwamba pa yanu, Win+R idzayendetsa lamulo lililonse lomwe walembamo. Sikiripti yanu izilandira chilembo chimodzi ndi manambala 3 basi, china chilichonse izikana.

Yankho 4: Za kusindikiza. Nambala ngati F012 imakwana mu QR yaing'ono kwambiri, ya timabokosi 21 kwa 21, motero masentimita 2 mbali iliyonse akwana posikana chapafupi. Siyani malo oyera ozungulira, otalika ngati timabokosi 4; anthu amadula ndi sizasi mpaka m'mphepete, kenako n'kumadandaula kuti sikana ndi yoipa. Mabokosi ogwiridwagwiridwa apatseni error correction ya Q kapena H, yomwe imapirira kuwonongeka kwa 25 kapena 30 peresenti. Pepala la thermal, longa la malisiti a m'sitolo, limafufuta ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo selotepi yonyezimira imathobwa kamera. Pansi pa QR iliyonse lembaninso nambalayo m'zilembo zooneka, kuti ikakana kuwerengeka muthe kuitaipa pamanja.